Lipoti la ntchito yomasulira mawu a Chitaliyana akuti liquorista m'Chingerezi

Ntchito imene ndikufotokoza pano inandipeza kudzera ku bungwe lina lomasulira zikalata limene ndimagwira nalo ntchito, ndipo eni ake anali banja lina la kumpoto kwa Italy, m'chigawo cha Piemonte, limene kwa mibadwo inayi lakhala likupanga zakumwa zoledzeretsa zotsekemera zimene Ataliyana amazitcha liquori. Banjali linali litapeza wamalonda wa ku Britain wofuna kumaoda katundu wawo, linalinso pa zokambirana ndi wina wa ku America, choncho linafuna kuti zolemba zitatu zimasuliridwe m'Chingerezi: kabuku ka mbiri ya banjalo kopatsa alendo ndi ogula, mawu olembedwa pa mabotolo, ndi chikalata cha mgwirizano wa malonda. M'zolemba zonse zitatuzi munali mawu akuti liquorista, ndipo m'kabuku ka mbiri mokha anabwerezedwa kopitirira kakhumi. Mawu amenewa ndi amene anachedwetsa ntchito yonse, ndipo mbali ina ya kuchedwako inali kulakwa kwanga.

Madikishonale a Chitaliyana amagwirizana kuti liquorista ndi munthu amene amapanga kapena kugulitsa liquori. Mawuwa ali m'gulu limodzi ndi farmacista, dentista ndi barista, mayina a ntchito amene sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi pokhapokha akakhala ambiri, pamene amuna amatchedwa liquoristi ndipo akazi liquoriste. Vuto lonse lagona pa kamawu kakuti "kapena". Mtaliyana akamva liquorista safunsa ngati munthuyo ndi wopanga kapena wogulitsa, chifukwa m'mbiri ya dziko lake ntchito ziwirizi zinali m'manja mwa munthu mmodzi. Chingerezi chinazigawa kalekale, ndipo chili ndi dzina la wotcheza mowa, la wosakaniza, la wogulitsa mabotolo ndi la wothirira anthu m'matambula, koma chilibe dzina lodziwika kwa aliyense limene limanyamula zonsezi pamodzi.

Pomasulira koyamba ndinasankha mawu akuti distiller, ndipo zifukwa zake ndizinena mosabisa chifukwa ndi zimene zimakopa omasulira ambiri. Mawuwa amapezeka m'madikishonale ena a zinenero ziwiri pansi pa liquorista, ndi afupi moti amakwana bwino pa botolo, ndipo kwa wowerenga wa Chingerezi amamveka aulemu, ngati dzina la mmisiri wodziwa ntchito yake. Chinanditsimikizira kwambiri chinali chithunzi cha pa chikuto cha kabuku kaja, pamene panali mphika waukulu wamkuwa wonyezimira uli pakona pa chipinda. Nditauona ndinangoti umenewu ndi alambicco, chiwiya chotchezera mowa, ndipo sindinafunsenso munthu. Ndinatumiza zolemba zonse zitatu pa tsiku limene tinapangana, wowunika wa ku bungwe anazivomera, ndipo zinapita kwa eni ake.

Chizindikiro choyamba chakuti china chake chalakwika chinabwera patapita masiku asanu, kuchokera kwa wamalonda wa ku Britain uja. Atawerenga kabukuko analembera banjalo kalata yofunsa mtundu wa chiwiya chimene amatchezera, chimene amatcheza, kaya mphesa kaya mbewu, komanso kangati, chifukwa ankafuna kuwaika m'buku lake la malonda pa gulu la otcheza mowa ang'onoang'ono. Mwana wamwamuna wa m'banjalo, amene amayendetsa za malonda ndipo Chingerezi amachimva pang'ono, anadabwa ndi mafunsowo, nayankha kuti iwo satcheza chilichonse ndipo sanatchezepo chiyambire. Wamalondayo anayankha mwaulemu koma mosapita m'mbali kuti ngati zili choncho, chikalata cha mgwirizano chikunena zimene si zoona, ndipo loya wake sangalole kuti chisainidwe. Kalata imeneyi ndi imene inandifika kudzera kwa woyang'anira ntchito wa ku bungwe.

Kwa wowerenga Chichewa kusiyana kumene kulipo apa n'kosavuta kukumva, chifukwa chinenero chathu chimakudziwa kale. Timati munthu amafulula mowa wamasese koma amatcheza kachasu, ndipo palibe amene angasokoneze ntchito ziwirizi. Kutcheza ndi kuwiritsa chinthu chimene chasasa kale kuti nthunzi yake idutse m'paipi yozizira n'kudontha ngati mowa waukali, ndipo izi ndi zimene Mngerezi amamva akaona mawu akuti distiller. Ku Italy chitsanzo chake ndi grappa, imene amatcheza kuchokera ku makoko ndi njere za mphesa zotsala akafinya vinyo, ndipo mphamvu yake siyenera kuchepera 37.5 pa 100. Liquore ndi chinthu china. Wopanga wake kawirikawiri amagula mowa woyera wotchezedwa kale, wopanda fungo, wa mphamvu ya 95 kapena 96 pa 100, n'kuviikamo zitsamba, mizu, makungwa kapena makoko a zipatso kwa masiku kapena miyezi, kenako amasefa n'kuthiramo madzi ndi shuga. Limoncello wa ku Sorrento ndi Amalfi amapangidwa motero ndi makoko a mandimu. Lamulo la mayiko a European Union la nambala 2019/787 limanena kuti chakumwa chotchedwa liqueur chikhale ndi mphamvu yosachepera 15 pa 100 ndi shuga wosachepera magalamu 100 pa lita, kupatula mitundu yochepa monga ina ya cherry imene imaloledwa magalamu 70 ndi ina ya gentian, chomera cha mizu yowawa, imene imaloledwa magalamu 80. Chimene chimapanga liquore kukhala liquore ndi shuga ndi zokometsera, osati moto wa pansi pa mphika.

Komabe sindikufuna kuti mnzanga womasulira achoke pano ndi lamulo lakuti liquorista sangakhale distiller, chifukwa limenelonso lingamugwetse. Alipo opanga liquori amene amatchezadi. Banja la Luxardo, limene linayamba ntchito yake mu 1821 ku Zara, mzinda umene lero uli ku Croatia ndipo umatchedwa Zadar, limapanga liquore wotchedwa maraschino mwa kutcheza zochokera ku mtengo wa cherry wotchedwa marasca, ndipo kwa anthu otero distiller si bodza. Mawu a Chitaliyanawo sanena kanthu za chiwiya chotchezera, kaya chilipo kaya palibe, pamene a Chingerezi amalumbira kuti chilipo. Kulakwa kwanga kunali kuwonjezera m'chikalata mfundo imene mwini chikalatacho sananene, ndipo ndinaitenga pa chithunzi.

Nditavomera kulakwako kwa woyang'anira ntchito, ndinapempha chinthu chimene mabungwe ambiri sakonda, chakuti ndilankhule ndi eni ake ndekha m'malo motumiza mafunso kudzera mwa anthu awiri. Anandilola, ndipo amene anandiyankha sanali mwana uja koma mayi ake, mayi wachikulire amene anakwatiwa m'banjamo ali mtsikana ndipo mpaka lero ndi amene amalawa chilichonse chisanalowe m'botolo. Tinalankhulana pa foni ya kanema kwa nthawi yopitirira ola. Funso langa linali limodzi, ndipo ndinalifunsa m'Chitaliyana chosavuta: Signora, mukalowa m'chipinda chimenecho m'mawa, manja anu amagwira chiyani? Iwo sanayankhe ndi mawu okha koma ananyamula foni n'kuyenda nayo. Anandionetsa mabotolo aakulu agalasi okutidwa ndi madengu, amene amawatcha damigiane, atandandalikidwa pa mashelefu, lililonse lili ndi kapepala ka tsiku limene anaviika. M'botolo lina munali timitengo ta genepì, chitsamba cha m'mapiri a Alps, tikuyandama m'mowa wobiriwira pang'ono. M'lina munali mtedza wa walnut wosakhwima woduladula panayi, umene amathyola chakumapeto kwa June pa nyengo ya chikondwerero cha Yohane Woyera kuti apange liquore wotchedwa nocino, ndipo mowa wake unali utada kale bii. Anandionetsanso zala zawo n'kunena kuti utoto wa mtedzawo suchoka m'zikhadabo mpaka patatha milungu.

Kenako tinafika pa mphika wamkuwa uja. Unalibe chivindikiro chosongoka ngakhale paipi, ndipo pambali pake panapachikidwa mthiko wautali wamtengo. Unali mphika wophikira madzi a shuga. Ndikanauyang'anitsitsa pa chithunzi paja ndikanaona ndekha kuti mulibe njira yotulukira nthunzi, koma ndinali nditasankha kale mawu anga ndipo maso anangoona chimene ndinkafuna.

Kucheza kumeneko kunatulutsanso mfundo yachiwiri imene sindinaiyembekezere, ndipo ndi imene inasintha kwambiri kamasuliridwe ka kabuku ka mbiri. Mayiwo anafotokoza kuti kholo limene linayambitsa ntchitoyi linalibe fakitale ayi, koma sitolo yaing'ono m'tauni, yokhala ndi kauntala kutsogolo ndi chipinda chosakanizira kumbuyo. Anthu ankalowa kudzamwa katambula kamodzi ataimirira, ena ankabwera ndi mabotolo awo kuti awathirire, ndipo pa kauntala yomweyo ankagulitsanso maswiti. Masitolo otere ndi odziwika m'mbiri ya chigawochi. Antonio Benedetto Carpano anapanga vermouth wake, vinyo wokometsedwa ndi zitsamba, mu 1786 m'sitolo ya zakumwa ku Piazza Castello mumzinda wa Torino, ndipo anthu ankamwera pomwepo. Gaspare Campari anaphunzira ntchito ku Torino, napanga chakumwa chodziwika ndi dzina lake ku Novara mu 1860, kenako anakatsegula malo omwera ku Milano kumene ankathirira anthu zimene wasakaniza yekha. Liquorista wa nthawi imeneyo anali wopanga, wogulitsa ndi wothirira, ndipo kabuku kankanena za munthu wotero m'masamba oyambirira, pamene m'masamba omaliza mawu omwewo ankanena za zidzukulu zimene zimapanga zokha n'kutumiza katundu m'makatoni. Mawu amodzi m'kabuku kamodzi ankaimira ntchito ziwiri zosiyana.

Ndinayamba tsopano kuyeza mawu a Chingerezi mmodzimmodzi. Oyamba anali liquorist, amene amapezeka m'madikishonale akuluakulu a Chingerezi ndipo ndi ofanana ndi liquoriste wa Chifalansa. Pa pepala amaoneka ngati yankho lenileni, koma ndi mawu amene Mngerezi wamba sanawamvepo, ndipo nditawaonetsa kwa mnzanga wobadwira ku England anaganiza kuti ndalakwitsa kulemba liquorice, maswiti akuda aja. Mawu amene amachititsa wogula kuganiza kuti wosindikiza walakwitsa sangaikidwe pa botolo. Wowunika wa ku bungwe, amene nayenso anafuna kukonza kulakwa kumene tinagawana, anapereka liquor dealer, poganiza kuti akutsata Chitaliyana mwapafupi. Ndinakana, chifukwa liquor ndi liqueur ndi mawu awiri osiyana ngakhale amachokera ku muzu umodzi. Ku America liquor ndi mowa uliwonse waukali monga whisky, vodka ndi gin, ndipo liquor store ndi sitolo yogulitsa mabotolo, choncho liquor dealer akanasandutsa banja la amisiri kukhala ogulitsa mowa wa anthu ena. Wine and spirit merchant ali ndi ulemu wake ku Britain koma nayenso ndi wogulitsa chabe.

Mawu awiri ena anandichedwetsa kwambiri chifukwa onse anali ndi choonadi mkati mwake. Cordial maker amamveka achikale ndipo akanayenera mbiri ya sitolo ija, ndiponso ku America cordial ndi dzina lina la liqueur. Koma ku Britain lero cordial ndi madzi a zipatso otsekemera osaledzeretsa amene amasungunula ndi madzi n'kupatsa ngakhale ana, ndipo popeza kabuku kamodzi kankayenera kupita ku mayiko onse awiri, theka la owerenga likanasocheretsedwa. Compounder ndi amene anali olondola kuposa onse pa ntchito ya manja. Lamulo la ku Britain la msonkho wa mowa la 1979 linkasiyanitsa distiller, rectifier ndi compounder, ndipo compounder ndi munthu amene amasakaniza mowa wotchezedwa kale ndi zokometsera popanda kuutchezanso, zimene ndi ndendende zimene mayi aja anandionetsa. Ndinalakalaka kuwagwiritsa ntchito, koma ndi mawu a anthu a msonkho, osadziwika kwa wogula, ndipo m'chikalata cha mgwirizano akanaoneka ngati akunena kuti banjalo lili ndi layisensi ya ku Britain ya dzina limenelo, pamene layisensi yawo ndi ya ku Italy. Kubwereka dzina la m'malamulo a dziko lina n'koopsa kuposa kugwiritsa ntchito mawu wamba, chifukwa dzinalo limabwera ndi maudindo ake.

Chigamulo changa chinali chakuti mawu amodziwa amasuliridwe m'njira zitatu, malinga ndi ntchito ya cholemba chilichonse. M'chikalata cha mgwirizano ndinalemba manufacturer and seller of liqueurs, mawu aatali ndi osakongola koma osasiya mpata wa mtsutso, chifukwa pamenepo banjalo linkalonjeza zinthu ziwiri, kupanga ndi kugulitsa. Pa mabotolo ndinalemba liqueur makers, popeza wogula amene wanyamula botolo m'sitolo safunika kuuzidwa kuti eni ake amagulitsa. M'kabuku ka mbiri ndinasunga liquorista m'Chitaliyana m'zilembo zopendekera ponena za kholo lija, ndipo pamalo oyamba ndinawonjezera kachiganizo kofotokoza kuti anali munthu wopanga zakumwazo kumbuyo kwa sitolo n'kuzigulitsa pa kauntala yake. Kabuku katafika pa mibadwo ya masiku ano ndinasinthira ku liqueur maker. Mawu ena a m'banja lomwelo anayenera kutsatira: liquorificio, amene poyamba ndinalemba distillery, anakhala liqueur works, ndipo liquoreria anakhala liqueur shop.

Woyang'anira ntchito sanakondwe ndi zimenezi poyamba, ndipo chifukwa chake chinali chomveka. Lamulo la bungwe, limene ndimaliona kuti ndi labwino pa zikalata za makina ndi mankhwala, ndi lakuti mawu amodzi amasuliridwe mofanana paliponse, ndipo pulogalamu ya pa kompyuta imene timagwiritsa ntchito inaonetsa chenjezo pa mzere uliwonse umene ndinasiyanitsa. Ndinamulembera kalata ya tsamba limodzi yosonyeza malo alionse amene mawuwo akupezeka, munthu amene akunenedwa pamenepo, ndi ntchito imene munthuyo ankagwira. Ataona kuti kusiyanako sikunali kwachisawawa koma kunkatsata anthu, anavomera, ndipo m'ndandanda wa mawu wa kasitomala ameneyu tinalembamo matanthauzo onse atatu pamodzi ndi malo ake, kuti womasulira wina akadzalandira ntchito ya banjali asadzabwerere ku distiller. Ndikulangiza anzanga kuti kalata yotere azilemba asanafunsidwe, chifukwa chigamulo chosalembedwa chimafafanizidwa ndi wowunika woyamba amene sakudziwa chiyambi chake.

Mtsutso womaliza unachokera kwa mwana wamwamuna uja. Atamvetsa kuti distiller ndi wotcheza, anayamba kuwakonda mawuwo pa chifukwa china: anaona kuti pa mabotolo odula a ku Britain pamalembedwa master distiller, ndipo liqueur maker ankamveka kwa iye ngati munthu wopanga zakumwa m'khitchini. Anapempha kuti m'chikalata mukhale mawu olondola koma pa botolo pabwerere akale aja. Nkhawa yake ndinaimvetsa, chifukwa iye ndi amene amaima pamaso pa ogula. Ndinamuuza kuti botolo ndi lake ndipo chigamulo chomaliza n'chake, koma ine sindingaike dzina langa pa mawu amene ndikudziwa kuti si oona, komanso wamalonda wa ku Britain akudziwa kale kuti satcheza, moti akaona master distiller pa botolo adzayamba kukayika ndi zina zonse zolembedwa pamenepo. Ndinawonjezera kuti luso la banja lawo lili pa kudziwa tsiku lothyola chitsamba, kutalika kwa nthawi yoviika ndi muyezo wa shuga, ndipo mawu oti distiller amabisa luso limenelo n'kuwatamanda pa luso la anthu ena. Amene anathetsa nkhaniyo anali mayi ake, amene ananena kuti apongozi awo sanadzitchulepo distillatore ngakhale kamodzi, ngakhale mawuwo alipo m'Chitaliyana ndipo akanatha kuwasankha. Tinagwirizana kuti pa botolo palembedwe kuti ndi liqueur makers kwa mibadwo inayi, ndipo kuchuluka kwa mibadwoko kunampatsa mwanayo ulemu umene ankaufuna.

Zolemba zokonzedwa zinapita patatha masiku khumi ndi awiri kuchokera pamene kalata ya wamalonda uja inafika, ndipo ntchito yokonzayo sindinalipiritse. Loya wa ku Britain sanasinthe mawu ofotokoza ntchito ya banjalo, mgwirizano unasainidwa, ndipo m'buku la wamalondayo banjalo linaikidwa pa gulu la liqueur ndi amaro, zakumwa zowawirako za zitsamba, kumene ogula ofuna genepì ndi nocino amayang'ana. Zokambirana za ku America zinatha osagwirizana pa nkhani ya mitengo, choncho sindinaone mmene kabukuko kakanalandiridwira kumeneko. Kuchedwa kwa masiku aja kunachititsa kuti katundu woyamba aphonye galimoto imene anakonzera, ndipo banjalo linalipira mtengo wokwererapo pa ulendo wotsatira, chinthu chimene ndimachikumbukira nthawi iliyonse ndikaona chithunzi m'cholemba chimene ndikumasulira.

Patapita miyezi ingapo banjalo linabwereranso ku bungwe ndi ntchito yaing'ono, ndipo linapempha kuti ipatsidwe kwa ine. Anali atayamba kulandira alendo odzaona malo awo ndipo ankafuna timapepala ta Chingerezi toika pafupi ndi chiwiya chilichonse. Pa ndandanda umene anatumiza panali damigiane, sefa, makina otsekera mabotolo, ndi mphika wamkuwa uja, umene mayi aja analemba ndi dzanja lawo kuti ndi wophikira sciroppo, madzi a shuga aja. Ndinalemba copper pan for boiling the sugar syrup, ndipo ndisanatumize ndinawaimbira foni kufunsa ngati amaugwiritsabe ntchito kapena ndi wongoonetsa alendo, chifukwa yankho lake linkasintha nthawi ya mneni m'chiganizo chotsatira. Anati amauyatsira moto Lachiwiri lililonse.